Madzi onyansa saama bodza

"Aphunzitsi, adokotala angadziwe bwanji kuti m'tauni mwalowa matenda, pomwe palibe amene wapita kuchipatala?" Anandifunsa choncho mtsikana wina wa Fomu 3. Ndinamuyankha kuti: "Amakafunsa kuchimbudzi." Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali, koma ine sindimaseleula.

Mu February 2022 boma linalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wa zaka 3 amene wapuwala ndi poliyo. Kachirombo kake kanali kofanana ndi ka ku Pakistan. Chaka chomwecho ana 8 anapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique, komwe mathiraki odutsa paboda yathu ya Mwanza amapita tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi inali pakhomo pathu penipeni.

Poliyo ndi wakabisira. Pa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachiromboka, mmodzi yekha ndi amene amapuwala. Ambiri sadziwa n'komwe, koma amakatulutsa akamachita chimbudzi. Ndiye mukamadikira odwala kuchipatala, mwachedwa kale. N'chifukwa chake azaumoyo anayamba kutunga madzi a m'masuweji ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba n'kumakawayeza. Botolo limodzi limanena za anthu masauzande.

Mwina mukuti, tizirombo tochepa m'madzi ambirimbiri chonchi, amatipeza bwanji? Poyamba amasefa madziwo kuti tizirombo tiunjikane pamodzi. Kenako makina a PCR amatenga kachidutswa ka chibadwa cha kachiromboko n'kukachulukitsa: kamodzi kamakhala tiwiri, tiwiri tinayi, tinayi 8. Akabwereza ka 30, tadutsa 1 biliyoni. Tengani kakyuleta muone nokha.

Nanga kwathu kuno, kumene ambiri timagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba? Ku Blantyre nakonso nyumba zambiri zilibe suweji, ndipo zonyansa zimathera m'mitsinje. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme amamanga kansalu konga bandeji kuchingwe, n'kukasiya mumtsinje masiku awiri kapena atatu. Kansaluko kamakola tizirombo ngati mono, kuphatikizapo toyambitsa tayifodi.

Tayifodi ameneyu ndi amene amandidetsa nkhawa. Kuyambira cha m'ma 2011 odwala anachuluka kwambiri ku Blantyre, chifukwa kunafala mtundu wosamva ampicillin, chloramphenicol ngakhalenso Bactrim. Tizirombo tosamva mankhwala totere timapezekanso m'madzi onyansa, moti kuyeza madzi kumathandiza kuona kumene tafika.

Madziwo satchula dzina la wodwala. Amangoti "dera ili muli chakuti", basi. Zotsalazo n'za anthu: katemera, madzi abwino, kusamba m'manja ndi sopo.

Inunso muli ndi mbali yanu. Mukamwa Bactrim wogula pagolosale chifukwa cha chimfine chabe, tizirombo tofooka m'thupi mwanu timafa, tolimba n'kutsala. Totsalato timapita kuchimbudzi, mvula ikagwa tingathe kulowa m'chitsime chimene mng'ono wanu amatunga madzi akumwa.