Thandizo la mayiko akunja pa kusintha kwa ndale m'Malawi (1992–1993)

Thandizo la mayiko akunja pa kusintha kwa ndale m'Malawi ndi zimene maboma opereka thandizo ndi bungwe la United Nations anachita pokakamiza boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda kuti lilole ndale za zipani zambiri popanda nkhondo.

Moto unayambira m'dziko momwemo. Pa 8 Malichi 1992, mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma, yomwe inanenanso za malipiro ochepa a antchito. Mu Meyi, sitiraka yomwe inayambira pafakitale ya David Whitehead ku Blantyre inafalikira mpaka m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Kwa othyola tiyi, amene ankaopa ngakhale kunong'ona za boma pamaso pa apayoniya, kutula dengu pansi sinali nkhani yaing'ono.

Mwezi womwewo, mayiko opereka thandizo anakumana ku Paris ndipo anaimitsa ndalama za chitukuko kufikira boma litayamba kulemekeza ufulu wa anthu. Thandizo la chakudya linapitirira, poti chaka chimenecho kunali chilala choopsa, ndiponso dziko linkasunga anthu ambiri othawa nkhondo ku Mozambique.

Mu Okutobala, Banda anavomera kuchititsa referendamu. Akatswiri a United Nations analangiza kuti tsiku lisunthidwe kuchoka mu Malichi, ndipo pambuyo pa mkangano wautali boma linavomeranso bokosi limodzi m'malo mwa awiri, kuti wovota asaonedwe mbali imene wasankha. Pa 14 Juni 1993, ovota pafupifupi 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, osati tambala wakuda. Ku Thyolo, monga m'chigawo chonse cha kummwera, nyali inapambana ndi mavoti ochuluka zedi.