Musanasamuke netiweki, yang'anani foni, nambala ndi ngongole

Pamafika tsiku loti munthu watopa ndi netiweki yake. Mwina mwasamukira kudera komwe foni imagwira pokhapokha mukaima pachulu, kapena anzanu onse ali kukampani ina ndiye kuwaimbira kukukudyerani mayunitsi. Kugula simu khadi yatsopano sikuvuta. Mumangotenga chiphaso cha unzika, kupita kwa ajenti, kulembetsa, basi. Koma ambiri amazindikira simuyo ili kale m'manja kuti pali zinthu zitatu zomwe zikuwamangabe kukampani yakale.

Foni yokhoma

Foni zambiri zapamwamba zomwe achinyamata akugwiritsa ntchito ndi zakaunjika kapena zotumiziridwa ndi achibale a ku Joni, ku Britain ndi ku America. Zina mwa izo zidagulidwa pa kontrakiti, ndipo kampani yomwe idagulitsa idazikhoma kuti zizilandira simu yake yokha.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Bwerekani simu ya mnzanu muikemo. Foni ikayamba kupempha nambala yotsegulira netiweki, kapena kulemba kuti "SIM not supported", ndiye kuti ndi yokhoma. Pa iPhone lowani mu Settings, General, kenako About, muone pomwe alemba "Carrier Lock". Pakalembedwa "No SIM restrictions", mtima m'malo. Chitani zimenezi musanapereke ndalama kwa wogulitsa, chifukwa yemwe amatsegula foni mwalamulo ndi kampani yomwe idaikhomayo, ndipo nthawi zambiri imafuna kuti ngongole ya foniyo ithe kaye.

Ku Britain, bungwe la Ofcom lidaletsa kugulitsa foni zokhoma kuyambira mu Disembala 2021, choncho za kumeneko zomwe zingakuvuteni ndi zakale. Za ku America zili ndi nkhani inanso: kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, zogulitsidwa kumeneko zilibe polowetsa simu, zimangogwira ndi eSIM. Funsani kaye kukampani yomwe mukupitako ngati ingakupatseni eSIM.

Ngakhale foni yosakhoma ikhoza kukugwiritsani mwala. Makampani amaulutsa 4G pa mabandi osiyanasiyana, ndipo si foni iliyonse yomwe imamva onse. Palinso foni zina za simu ziwiri, makamaka zakalekale, zomwe 4G imagwira mbali imodzi yokha. Muyese simu yobwerekayo kunyumba ndi kuntchito komwe, osati pashopu pokha.

Nambala yanu ndi kiyi

Kuno kwathu nambala imayenda ndi kampani: 088 ndi TNM, 099 ndi Airtel. Mukasamuka mumayamba ndi nambala yatsopano. Tsono taganizirani zonse zomwe mudamangirira pa yakaleyo: WhatsApp, Facebook, akaunti ya kubanki, Airtel Money kapena Mpamba, ngakhalenso CV yomwe mudasiya m'maofesi asanu mwezi watha.

Musanataye simu yakale, chotsani ndalama zonse, sinthani nambala kubanki, ndipo pa WhatsApp gwiritsani ntchito "Change number" kuti magulu anu asasokonekere. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka, ndipo nambalayo ikhoza kudzapatsidwa munthu wina. Mauthenga achinsinsi otsegulira maakaunti anu azidzafikira mlendo. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga simu yakale kwa miyezi ingapo mpaka zonse zitasamuka.

Ngongole siitsala ndi simu

Ena amasamuka pothawa ngongole. Mayunitsi obwereka a Kutapa kapena Pasavute amaoneka ochepa, koma simuyo idalembetsedwa ndi chiphaso chanu, ndiye ngongoleyo ili pa dzina lanu. Nkhani imakula ikakhala ndalama zomwe mudakongola kudzera pafoni, chifukwa kumbuyo kwa ngongole zotere kumakhala banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo mabungwewa amapereka mbiri ya okongola kumabungwe osunga mbiri ya ngongole. Tsiku lomwe mudzafune mpamba wa bizinesi, kangongole komwe mudakaiwala kakhoza kudzakutsekerani chitseko.

Nanga foni zolipira pang'onopang'ono zija? Loko yake ili m'foni momwemo, osati mu simu. Mukadumphitsa kulipira imatseka, kaya mwaikamo simu ya kampani iti.

Kwa omwe ali kunja

Ku South Africa ndi ku Britain zinthu zimayenda mosiyana. Nambala imasamuka nanu. Ku South Africa izi zidayamba mu 2006, ndipo mutha kuchoka ku Vodacom kupita ku MTN, Telkom kapena Cell C nambala ili yomweyo, bola simu yatsopano ilembetsedwe motsatira lamulo la RICA. Ku Britain mumatumiza mawu oti PAC ku 65075, amakupatsani nambala yosamukira yomwe imagwira ntchito masiku 30, n'kukaipereka kukampani yatsopano. Kutumiza INFO ku 85075 kumakuuzani ndalama zomwe mungalipire mukachoka kontrakiti isanathe.

Chovuta chili pa foni ya kontrakiti. Imeneyo ndi ngongole, ndipo kampani imafufuza kaye mbiri yanu kumabungwe ngati Experian ndi TransUnion. Munthu wongofika kumene amakanidwa kawirikawiri. Sikuti ali ndi mbiri yoipa, koma alibiretu mbiri. Njira yake ndi kuyamba ndi simu yothira mayunitsi kapena yolipira pamwezi yopanda foni, kutsegula akaunti kubanki ndi kulipira mabilu pa nthawi yake.

Ndipo wina akakupemphani kuti mumutengere foni pa dzina lanu, ngakhale akhale msuweni, ganizani kawiri. Akasiya kulipira, kampani siimudziwa iyeyo. Imadziwa inu.

Kusintha netiweki ndi ufulu wanu, ndipo makampani amakonza ntchito zawo akaona kuti makasitomala atha kuchoka. Koma musachoke mwaphuma. Bwerekani simu kwa sabata imodzi, lembani papepala malo onse omwe ali ndi nambala yanu, bwezani zomwe mudakongola, kenako muzisamuka.