Chifukwa Chake Matenda a Hailey-Hailey Amachedwa Kuzindikirika

Pakati pa matenda a pakhungu otengera kwa makolo pali a Hailey-Hailey, amene anafotokozedwa mu 1939 ndi madokotala awiri apachibale a ku Atlanta, Howard ndi Hugh Hailey, ndipo akuti amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 50,000. Gwero lake linadziwika mu 2000, pamene akatswiri anapeza kuti vuto lili m'kachigawo ka chibadwa kotchedwa ATP2C1, komwe kamayendetsa kashiamu m'maselo. Kakafooka, maselo a khungu sagwirana bwino, moti khungulo limatuluka matuza, limang'aluka ndi kumanyowa. Kholo limodzi lokha likakhala nawo, mwana wamwamuna kapena wamkazi akhoza kuwatengera.

Chimene chimasokeretsa achipatala choyamba ndi nthawi imene matendawa amaonekera, chifukwa ngakhale kuti munthu amabadwa nawo, kawirikawiri zilonda zimayamba atapitirira zaka 20, pamene palibe amene akuganizanso za chibadwa. Zilondazo zimabuka m'khwapa, m'khosi, m'mphechepeche ndi kunsi kwa mabere, malo a thukuta omwenso amakonda kugwidwa zipere, ndipo zimakula nyengo yotentha. Chosokoneza kwambiri n'chakuti pakhungu long'alukalo pamalowadi mafangasi ndi mabakiteriya, kotero kuti mankhwala opaka a zipere amathandiza kwa masabata angapo, ndipo dokotala ndi wodwala yemwe amakhulupirira kuti apeza vuto, chonsecho achiza tizilombo tongobwera, nthenda yeniyeni ikadali pomwepo. Zilonda za kumaliseche nthawi zina zimatengedwa ngati matenda opatsirana pogonana, zomwe zingabweretse manyazi ndi kukayikirana m'banja pa matenda osapatsirana n'komwe.

Umboni weniweni umapezeka podula kachidutswa ka khungu ndi kukaunika pa maikulosikopu, pomwe maselo amaoneka otayana ngati khoma la njerwa limene layamba kugumuka. Odwala ambiri amakhalanso ndi timizere toyera m'zikhadabo. Mankhwala ochiziratu palibe, koma zilonda zimachepa ndi mankhwala oletsa kutupa, opha tizilombo, jekeseni wa botulinum wochepetsa thukuta, ndiponso zovala zosathina. Chotero zilonda zimene zimabwerabwera malo omwewo chaka ndi chaka, makamaka ngati kholo kapena m'bale anali nazo, siziyenera kupatsidwanso mankhwala a zipere khungulo lisanayezedwe ndi katswiri wa matenda a pakhungu.