Ndani Amayankha za Chitetezo cha Nyumba Zosanja ku England?

Usiku wa pa 14 Juni 2017, moto unabuka mu firiji m'chipinda china cha Grenfell Tower ku London. Ukanatha kuthera momwemo. Koma kunja kwa nyumba ya nsanja 24 imeneyi anali atakutako malata okhala ndi pulasitiki mkati, ndipo moto unakwera nawo ngati walowa m'tchire la m'chilimwe. Anthu 72 anamwalira. Chimene chimandiwawa n'chakuti okhalamo anali atadandaula kale za chitetezo chawo, koma mawu awo anangopita ndi mphepo.

Pa nthawi yofufuza, wojambula mapulani, kontirakitala ndi wogulitsa malata ankangolozana zala. Lamulo la Building Safety Act la 2022 linabwera kudzathetsa kukankhirana kotereku, kuti pa nyumba iliyonse pakhale wodziwika amene angafunsidwe.

Lamuloli limakhwima kwambiri pa nyumba zotalika mamita 18 kupita m'mwamba, kapena za nsanja zosachepera 7, momwe muli makomo awiri kapena kuposa okhalamo anthu. Womanga amadutsa pa zipata zitatu. Popempha chilolezo cha malo, amafotokoza mmene waganizira za moto. Kenako ntchito siyamba mpaka bungwe la Building Safety Regulator litavomereza mapulani, ndipo kusintha chinthu chachikulu ntchito ili mkati kumafunanso chilolezo chake. Pomaliza, munthu salowamo kukakhala bungweli lisanapereke satifiketi ndiponso nyumbayo isanalembetsedwe m'kaundula.

Anthu akalowa, udindo umagwera mwini nyumba kapena kampani yoyenera kukonza makoma, masitepe ndi makonde. Ameneyu amaunika zinthu ziwiri: kufalikira kwa moto ndi kugwa kwa nyumbayo. Amalemba lipoti losonyeza mmene akupewera ngozizi, ndipo amasunga pa kompyuta mbiri yonse ya nyumbayo, kuyambira pa mapulani mpaka pa chitseko chimene chinasinthidwa dzulo. Kunyozera izi ndi mlandu.

Gawo limene ndimaliona lofunika koposa ndi la okhalamo, ndipo abale athu amene amachita lendi m'nyumba zotere ku London kapena ku Manchester alidziwe bwino. Muli ndi ufulu wouzidwa dzina la woyang'anira chitetezo ameneyu ndi kupempha kuona zolembedwa zokhudza nyumbayo. Woyang'anirayo ayenera kukhala ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo mukapanda kukhutira ndi yankho lake, nkhaniyo mutha kuipititsa ku bungwe lija. Dandaulo lilembeni, musunge kope lokhala ndi tsiku.

Inunso lamulo likukuyang'anani. Musachotse kapena kuwononga chitseko chotchinga moto, musamasule alamu ya utsi chifukwa yakusokosani pophika, ndipo oyang'anira chitetezo akakulemberani kalata yopempha kudzaona m'nyumba, atsegulireni.