Ntchito ya Ofufuza Otsatira pa Masamba a Mchezo

Munthu akadina batani lotsatira mnzake pa Instagram, X kapena TikTok, makompyuta a kampaniyo amalemba kamzere kamodzi m'nkhokwe ya deta, yomwe amisiri amaitcha database. Kamzereko sikachuluka zinthu: nambala ya wotsatira, nambala ya wotsatiridwa, ndi nthawi imene anadina. Pali anthu amene amadyera ntchito yofunsa nkhokwe imeneyi mafunso, ndipo funso lomwe limabwerabwera ndi lakuti: mwa anthu otsatira uyu, ndi angati amene amatsatiranso uyo?

Chida chawo chachikulu ndi SQL, chiyankhulo cholamulira nkhokwe za deta chomwe Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anakonza ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970. Iwo anatsatira nzeru za Edgar Codd, amene mu 1970 analongosola zosunga deta m'matebulo. Pofuna kupeza otsatira ofanana, wantchito amaitana tebulo la otsatira kawiri, kamodzi m'malo mwa akaunti yoyamba, kenako m'malo mwa yachiwiri. Amawalumikiza ndi lamulo la JOIN pamene nambala ya wotsatira yafanana, n'kuwerengetsa zotsalazo ndi COUNT. Lamulo lonselo n'lalifupi, n'chifukwa chake makampani amakonda kuyesa nalo anthu ofunsira ntchito.

Chimene chimatulutsa thukuta ndi kuchuluka kwa mizere. Cristiano Ronaldo yekha ali ndi omutsatira oposa 600 miliyoni pa Instagram, ndiye lamulo lolembedwa mosasamala litha kupanikiza makina kwa maola. Apa ntchito imagawikana. Mainjiniya a deta amamanga ndi kusamalira nkhokweyo, n'kuikamo ma index kuti kompyuta isamachite kuwerenga tebulo lonse pofuna munthu mmodzi. Makampani ena anafika popanga zida zawozawo: Twitter, yomwe tsopano ndi X, inatulutsa FlockDB mu 2010, pamene Facebook mu 2013 inafotokoza za TAO, yomwe imasunga maubale a anthu pamwamba pa nkhokwe ya MySQL. Ena amagwiritsa ntchito Neo4j, nkhokwe yomwe inamangidwira dala nkhani ya maubale.

Wosanthula deta ndiye amene amatanthauzira nambala ikatuluka, ndipo luso lenileni la ntchitoyi lili pamenepa. Akaunti ziwiri zikuluzikulu sizingalephere kukhala ndi otsatira ofanana ambiri, ngakhale eni ake asakhudzane pa chilichonse. Choncho wosanthula wodziwa ntchito amagawa chiwerengero cha otsatira ofananawo ndi chiwerengero cha anthu onse otsatira akaunti ziwirizo pamodzi. Muyeso umenewu unachokera kwa Paul Jaccard, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankayerekezera nawo mitundu ya zomera za m'madera osiyana a m'mapiri. Asanawerengetse n'komwe, wosanthulayo amayamba wapeta: kuchotsa akaunti zabodza, zoyendetsedwa ndi makina, ndi zina zomwe eni ake anazisiya kalekale. Kupetaku kumadya nthawi yambiri kuposa kulemba lamulolo.

Olemba anthuwa ntchito ndi osiyanasiyana. Eni masambawo amafuna zotsatirazi kuti azionetsa munthu anzake amene mwina akuwadziwa, monga amachitira LinkedIn ndi Facebook. Otsatsa malonda amafuna kudziwa ngati anthu awiri otchuka ali ndi gulu limodzi lomwelo la otsatira, kuopa kulipira kawiri kuti uthenga ufike kwa anthu omwewo. Atolankhani ndi ofufuza a m'mayunivesite amalondola nazo magulu a akaunti ofalitsa mabodza. Ambiri mwa antchitowa anaphunzira za makompyuta, masamu kapena statistics, ngakhale alipo amene anadziphunzitsa okha.

Amene ali kunja kwa makampaniwa amadalira khomo lotchedwa API kuti apeze deta, ndipo khomoli lakhala likuchepa. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza deta ya anthu okwana mwina 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri mwa iwo kudzera mwa anzawo chabe. Chaka chotsatira, bungwe la Federal Trade Commission la ku America linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Lamulo la GDPR la mayiko a European Union, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limafuna kuti wosonkhanitsa deta ya anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka. Mu 2023 Twitter nayo inayamba kulipiritsa API yomwe ofufuza ankaigwiritsa ntchito kwaulere, ndipo kafukufuku wambiri wa kunja kwa kampaniyo anaima.