Njere Zisanalowe mu Envulopu

Mukamafufuza mbande kapena njere pa eBay ya ku Australia, simuchedwa kuona kachidziwitso pansi pa chithunzi cha katundu: wogulitsa satumiza ku Western Australia ndi ku Tasmania. Dziko ndi limodzi, ndalama ndi yomweyo, positi ndi yomweyo, koma zigawo ziwirizi zili ndi malamulo awoawo oteteza zomera, ndipo phukusi la mbande sililowako chisawawa. Ogula ambiri zimawawawa. Ena amati wogulitsayo ndi waulesi, ena amati ndi wamantha, pomwe ena amamunyengerera kuti angotumiza osalemba zimene zili m'katimo.

Nkhaniyi yafika kale pakhomo pathu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp amayi akutsatsa maluwa, anyamata a nazale akutsatsa mbande za mapeyala ndi mango omezanitsa, ndipo mlimi wa kudimba akuoda njere za tomato pa AliExpress. M'bale wathu amene ali ku Leeds kapena ku Johannesburg akuimba foni kupempha njere za bonongwe, luni ndi chimanga cha makolo, poti wazisowa ndiwo za kwawo. Anthu onsewa ndi a mtima wabwino, ndipo zimene amakhulupirira pa nkhaniyi sizopanda nzeru. Kungoti zina mwa izo sizili choncho.

Chikhulupiriro chofala kwambiri n'chakuti njere youma singalakwe kanthu. Yauma gwa, ilibe dothi, ilibe masamba, yanyamula chiyani? Mbali ina n'zoona: mwa zinthu zonse zodzala, njere ndiyo imene imanyamula matenda ochepa, ndipo mapaketi ambiri amene amadutsa m'positi alibe vuto. Koma ochepa otsalawo ndi okwanira kuwononga munda wa dziko lonse. Mu 2014 ku Israel, kenako mu 2015 ku Jordan, kunaoneka matenda achilendo a tomato amene amakwinyitsa chipatso ndi kuchisiya ndi mawanga ofiirira. Vairasi yake, imene akatswiri amaitcha ToBRFV, imakhala pa khungu la njere. Ikamera mbande imodzi yodwala, vairasiyo imayenda pa manja a wolima, pa mpeni wodulira nthambi ndi pa zovala. Pasanathe zaka zisanu inali itafika ku Germany, Italy, Mexico ndi Britain, moti mu November 2019 dziko la America linakhwimitsa malamulo olowetsera njere za tomato ndi tsabola. Wogulitsa amene wayanika njere za tomato wa m'munda mwake sangaione vairasiyo ngakhale atavala magalasi.

Ndipo si matenda okha. M'thumba la chimanga mumabisala tizilombo. Nankafumbwe wamkulu uja, amene amasandutsa nkhokwe ufa ndi kuboola ngakhale makaka a chinangwa, kwawo ndi ku Central America. Anaonekera ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali atalowa m'dziko muno kudzera kumpoto. Nyanja yamchere sanaiwoloke ndi mapiko ake. Anachita kunyamulidwa ndi anthu m'katundu.

Chikhulupiriro chachiwiri ndicho chimandikhudza kwambiri, chifukwa chimachokera kwa anthu odziwadi ntchito yawo. Mwini nazale amati: "Mbande zanga ndimazidziwa, ndazilera ndekha, zilibe matenda." Sakunama. Akunena zimene maso ake akuona. Koma ife a ku Malawi tili ndi chilonda chimene chiyenera kutiphunzitsa kusadalira maso okha, ndicho chisaka cha nthochi.

Matendawa anadziwika koyamba ku Nkhotakota cha m'ma 1994. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amakhala ang'onoang'ono, oimirira, ounjikana kunsonga, ndipo mkoko subwera. Ukabwera, ndi wosagulitsika. Mankhwala ake palibe. Chotsala n'kuzula phata lonse ndi kuliwononga. Nsabwe za nthochi zimafalitsa vairasi ya chisaka kuchoka phata lino kupita lapafupi, koma ulendo wautali, wochoka boma lina kukafika boma lina, chisaka chimayenda ndi anthu. Mwana wa nthochi wochotsedwa pa phata lodwala amatha kuoneka wobiriwira bwinobwino kwa masabata angapo chizindikiro chisanatuluke. Munthu amamupatsa mnzake mwaulere, mwachikondi, kapena amamugulitsa pa mtengo wabwino, n'kumukweza pa minibasi. Amene anaona Thekerani ndi Molere ku Thyolo m'masiku amene malole ankachoka atadzaza mikoko, kapena Nkhata Bay nthochi zili mbwee m'mbali mwa msewu, akudziwa chimene chinatayika. Mabanja ankalipirira ana sukulu ndi nthochi. Lero nthochi zambiri zimene tikugula m'mizinda yathu zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mwa anthu onse amene ananyamula ana a nthochi aja, sindikhulupirira kuti panali ngakhale mmodzi amene ankafuna kuononga munda wa mnzake.

Chinangwa chinaona zofanana. Kodikodi, kachilombo kogwira chinangwa, anachokera ku South America pa mitengo ya chinangwa yobwera kudzadzalidwa, ndipo anaonekera cha ku Kinshasa ndi Brazzaville mu 1973. Poti kuno kunalibe mdani wake, anafalikira pafupifupi konse kumene Africa imalima chinangwa, mpaka anafika ku Nkhata Bay pakati pa zaka za m'ma 1980 n'kusiya njala m'midzi ya kondowole. Chinatipulumutsa ndi kachilombo kakang'ono ka mtundu wa mavu kamene kanapezeka ku Paraguay, kamene Hans Herren ndi anzake a bungwe la IITA anakaweta ndi kukamwaza m'minda kuyambira mu 1981. Mwayi wotere subwera kawirikawiri. Ku Puglia m'dziko la Italy, bakiteriya ya Xylella, imene inadziwika mu 2013, yapha mitengo ya olivi mamiliyoni, ina ya zaka mazanamazana, ndipo ofufuza akuloza mbande za khofi zokongoletsera nyumba zochokera ku Costa Rica kuti ndizo zinaibweretsa.

Pamenepa nditchulenso dothi, poti ogulitsa ambiri amaliona ngati chifundo kwa mbande, kuti isafote panjira. Maiko ambiri salola dothi kulowa m'pang'ono pomwe. Mu 2013 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique munapezeka mtundu woopsa wa matenda a Panama, wotchedwa TR4, umene umafotetsa nthochi. Kachilombo kake kamakhala m'nthaka kwa zaka makumi angapo, ndipo kadothi ka kumizu ya duwa kapena ka kunsi kwa nsapato n'kokwanira kukasamutsa. Nampula si kutali ndi Muloza.

Ena amati: "Ngati zinali zoletsedwa, bwenzi Amazon kapena eBay atandikaniza kuika malondawo, ndipo a positi sakanalandira phukusi." Izi n'zomveka, koma msika wa pa intaneti uli ndi malonda mamiliyoni ndipo sutsegula phukusi lililonse. Udindo umatsalira wogulitsa ndi wogula. Zimene zinachitika mu July 2020 zinaonetsa poyera kukula kwa mpatawu. Anthu m'zigawo zonse 50 za America, komanso ku Britain, Canada, Australia ndi Japan, anayamba kulandira timapaketi ta njere tochokera ku China, tambiri titalembedwa kunja kuti muli ndolo kapena mikanda. Unduna wa zamalimidwe wa America unapempha anthu kuti asadzale. Atapima anapeza kuti zambiri zinali njere wamba, monga mpiru, kabichi ndi maluwa, ngakhale munalinso zomera zina zoletsedwa. Umboni wa chiwembu sunapezeke. Zinaoneka kuti ogulitsa ena ankatumiza katundu wotchipa pofuna kudzilembera okha ndemanga zabwino. Komabe mu September chaka chomwecho Amazon inaletsa ogulitsa onse akunja kutumiza njere ndi zomera ku America. Amene analangika kwambiri ndi ogulitsa achilungamo, omwe anatsekeredwa msika chifukwa cha anzawo olemba zabodza pa phukusi.

Kulemba kuti "mphatso" sikusintha kanthu. Lamulo silifunsa ngati mwalandira ndalama. Limafunsa chimene chili m'katimo. Phukusi likagwidwa limawonongedwa kapena kubwezedwa, wogula amafuna ndalama zake, ndipo dzina la wogulitsa limada pa msika.

Pali dandaulo lina limene ndimalimvera chisoni, lakuti malamulowa anapangidwira makampani akuluakulu ndipo wogulitsa wamng'ono akungopanikizidwa. M'menemo muli choona. Kampani yotumiza matani a mbewu siumva mtengo wa chikalata chimodzi, pomwe mayi wogulitsa timapaketi khumi angapeze kuti chikalatacho, pamodzi ndi ulendo wopita ku ofesi, chadya phindu lonse. Ndikanakonda maboma athu atapeputsa njira ya katundu wochepa. America inatero: ili ndi chilolezo cha njere zochepa, chimene chimalola wogula kulandira mapaketi osapitirira 50, lililonse la njere zosapitirira 50 kapena magalamu 10, popanda chikalata chochokera kwa wotumiza, bola dzina la sayansi la chomeracho lilembedwe ndipo phukusi lidzere kaye kumalo opimira. Koma kunena kuti malamulowa ndi a maiko olemera okha, kumeneko ndiye kulakwitsa. Pangano la maiko loteteza zomera, IPPC, linakhazikitsidwa mu 1951 pansi pa FAO, ndipo maiko opitirira 180 ali momwemo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ife tili ndi lamulo lathu la Plant Protection Act la mu 2018, limene linalowa m'malo mwa la mu 1969. Dziko lolemera likalowedwa ndi matenda limapepesa alimi ake ndi ndalama. Mlimi wa ku Thyolo anatsala ndi khasu lake basi. Malamulowa akutchinjiriza ife kuposa iwo.

Ndiponso si chiletso chotheratu monga ambiri amaganizira. Alimi a ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa kuti ng'ombe siyenda kupita ku Blantyre popanda kalata ya alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, njira imatsekedwa kaye. Zomera nazo n'chimodzimodzi. Woyamba kuchitapo kanthu ndi wogula: amafunsa ku boma la dziko lake ngati chomeracho chikuloledwa, ndipo kumene kukufunika amatenga chilolezo cholowetsera, chimene chimafotokoza matenda oyenera kupimidwa. Kenako wogulitsa amapita ndi katundu wake kwa opima zomera a dziko lake, iwo n'kumupatsa chikalata chotchedwa phytosanitary certificate, chimene chimayenda limodzi ndi phukusi. Kuno ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yofufuza za ulimi, ku Chitedze, Bvumbwe ndi Lunyangwa, ndipo opima amapezekanso m'zipata monga Mwanza, Mchinji ndi Songwe. Ku Zambia ndi a Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Kuyambira pa 14 December 2019, maiko a European Union amafuna chikalatachi pa njere ndi zomera pafupifupi zonse, kupatula zipatso zisanu: nanazi, kokonati, nthochi, madeti ndi durian. Chikalatacho chisapitirire masiku 14 katundu asananyamuke. Britain nayo imachifuna pa njere zodzala zochokera kuno. Choncho m'bale wa ku Leeds uja angathe kudya bonongwe wa kwawo, koma njere zake zidzere kwa opima, osati m'sokosi m'chikwama cha wapaulendo.

Za malonda a m'dziko momwemuno, kumene kulibe chipata chilichonse, ndi kumene chikumbumtima cha wogulitsa chimagwira ntchito chokha. Ana a nthochi, mitengo ya chinangwa ndi mbewu ya mbatata ndizo zoopsa kwambiri, chifukwa matenda a mayi amapita onse kwa mwana. Ngakhale kukongola kwa duwa kusatipusitse: namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula anachoka ku South America n'kufalikira dziko lapansi ngati duwa lokongoletsera maiwe.

Inu amene mumagula, mukamva wogulitsa akuti "pepani, kwanuko sindingatumize," musamunyoze ndipo musamukakamize. Ameneyo ndiye woyenera kumugula tsiku lina. Ndipo inu ogulitsa, lembani poyera pa malonda anu madera amene simutumizako ndi chifukwa chake. Lembani dzina lenileni la chomera pa paketi ndi pa phukusi. Mbande za nthochi ndi chinangwa muzitenge ku nazale zimene alangizi akuzivomereza, ndipo oda yakunja ikabwera, funsani kaye ku Chitedze, Bvumbwe kapena Lunyangwa musanalandire ndalama ya munthu.