Kodi mumadziwa? Jakisoni wa mutu waching'alang'ala ndi nkhope yanu

• Kodi mumadziwa kuti Botox, jakisoni wotchuka pochotsa makwinya, ndi mankhwalanso a mutu waching'alang'ala? Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linamuvomereza pa ntchitoyi mu 2010, koma kwa okhawo amene mutu umawapweteka masiku 15 kapena kuposa pamwezi.

• Alimi a ng'ombe ku Chitipa, tcherani khutu. Mankhwalawa amachokera ku poizoni wa kachilombo ka Clostridium botulinum, yemwe amapuwalitsa ng'ombe ikatafuna mafupa a nyama yowola. Dokotala amabaya kadontho chabe kosefedwa bwino.

• Si kubaya malo amodzi ayi. Amabaya malo 31 pachipumi, m'mbali mwa mutu, kunkhongo, m'khosi ndi m'mapewa, ndipo amabwereza pakatha masabata 12.

• Mankhwala akalowerera pafupi ndi diso, chikope chimagwa, munthu n'kumaoneka ngati ali ndi tulo. Akachuluka m'munsi mwa chipumi, nsidze zimatsika. Akabayidwa mosafanana, nsidze imodzi imakwera kuposa inzake.

• Katswiri amayamba wakuuzani kuti mukweze nsidze ndi kukwinya nkhope, aone mmene minofu yanu yakhalira. Pachipumi amabaya chakumtunda, kutali ndi nsidze. Ngati chikope chanu n'chogwa kale, muuzeni asanagwire jakisoni.

• Mukabayitsa, musatikite kapena kukanda malowo tsiku limenelo, ndipo madokotala ambiri amalangiza kuti musagone pansi kwa maola 4. Chikope chikagwa, chimabwerera mwakale pakatha masabata angapo. Koma mukamavutika kumeza kapena kupuma, thamangirani kuchipatala.

• Botox wachinyengo aliko. Mu 2024 anthu ena ku America anagonekedwa m'chipatala atabayidwa wabodza kapena ndi anthu osaphunzira ntchitoyi. Weniweni amasungidwa mufiriji, choncho musagule wa m'chikwama, kaya ndi pa Boma, ku Nakonde kapena ku Tunduma.

• Botox si poyambira. Alipo mapiritsi otchipa opewera mutuwu, monga amitriptyline ndi propranolol. Komanso kumwa panado masiku 15 pamwezi kumatha kuwonjezera vutolo. Lembani masiku amene mutu wakupwetekani, mupite nawo ku chipatala chachikulu cha Chitipa, komwe angakutumizeni ku Mzuzu Central ngati pakufunika. Wokubayani akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, chifukwa mutu ndi wanu, nkhope ndi yanunso.